Chithunzi Ngati Mboni: Nyama ndi Zomera M'mbiri ya Zojambula

Munthu woyenda m'tauni iliyonse ya ku Malawi amakumana ndi nyama ndi zomera zambiri kuposa zomwe angazipeze m'tchire la kwawo, kungoti zimenezi sizipuma mpweya. Maluwa ndi mbalame zili pazitenje za amayi, mvuu ndi njovu zosema zandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira ogula, ndipo pachizindikiro cha boma pali mkango, kambuku ndi nkhwazi. Ambiri mwa anthu omwe amaona mkango umenewo pandalama zachitsulo ndi pamakalata a boma sanauonepo wamoyo, pakuti m'madera ochuluka a dziko lino mikango inatha kalekale, moti mu 2012 oyang'anira nkhalango ya Majete anachita kukatenga ina ku South Africa kuti idzayambenso kuswana. Chithunzi chimakhalitsa kuposa chinthu chomwe chinajambulidwacho, ndipo pachifukwa chimenechi zojambula zakale zimasunga nkhani ya zamoyo zomwe zinasamuka, zinachepa kapena zinatheratu.

Phunziro lofufuza zojambula, zosema ndi zoumba za mibadwo yosiyanasiyana limatchedwa mbiri ya zaluso, ndipo limafunsa kuti chinthu anachipanga ndani, liti, pogwiritsa ntchito chiyani, komanso pofuna kukwaniritsa chiyani. Kwa nthawi yaitali akatswiri a phunziroli ankaona nyama ya m'chithunzi ngati chiphiphiritso chabe, mkango kuimira ufumu ndipo nkhunda kuimira mtendere, pomwe mitengo ndi udzu ankazitenga ngati zongodzazira malo kumbuyo kwa munthu wojambulidwayo. Ikoloji, dzina lomwe katswiri wa ku Germany Ernst Haeckel anayambitsa mu 1866, ndi nthambi ya sayansi yofufuza ubale wa zamoyo pakati pa izo zokha komanso ndi malo omwe zimakhalamo, monga zomwe chamoyo chimadya, adani omwe amachidya, ndiponso madzi ndi nthaka zomwe chimafuna. Maphunziro awiriwa akakumana mafunso amasintha, chifukwa nyama ya pathanthwe imasanduka mboni yoti ifunsidwe za mvula, msipu ndi anthu a nthawi yake. Monga zimakhalira pabwalo la milandu, mboniyo iyenera kumvedwa mwachidwi komanso kupanikizidwa ndi mafunso, pakuti ili ndi zomwe inaona, zomwe inasankha kunena ndi zomwe inasiya dala.

Mvuu pakati pa chipululu

Chipululu cha Sahara lero ndi amodzi mwa malo ouma kwambiri padziko lonse, ndipo zigawo zake zina zimatha zaka zingapo osalandira mvula. Komabe pamapiri a Tassili n'Ajjer, kummwera chakummawa kwa Algeria, pali zithunzi zoposa 15,000 zopakidwa ndi zogobedwa pamatanthwe, ndipo zakale kwambiri mwa izo zikuonetsa njovu, zipembere, mvuu, ng'ona, akadyansonga ndi njati ya nyanga zazitali kwambiri yomwe mtundu wake unatha kalekale. Ku Dabous, m'dziko la Niger, kuli akadyansonga awiri ogobedwa pamwala mwaluso lodabwitsa, wamkuluyo wotalika mamita oposa 5, ndipo mawanga a khungu lake anagobedwa limodzilimodzi ndi munthu yemwe mwachionekere ankaidziwa bwino nyamayo.

Wowerenga zithunzizi ndi maso a ikoloji sakhutira ndi kutchula mayina a nyamazo, koma amafunsa zomwe nyama iliyonse imafuna kuti ikhale ndi moyo. Mvuu ili ndi khungu losapirira dzuwa, choncho imafuna madzi osaphwa chaka chonse oti izibisalamo masana, ndiponso msipu wochuluka pafupi woti izidya usiku. Ng'ona imafuna nsomba ndi magombe a mchenga oikirapo mazira, pomwe kadyansonga sangakhale kopanda mitengo yaitali ya mtundu wa mthethe. Kotero chithunzi chimodzi cha mvuu chimabwera ndi mtsinje, dambo, nsomba ndi mvula, ngakhale wojambulayo sanajambule chilichonse mwa zimenezi. Umboni wa m'nthaka unadzagwirizana ndi wa pamiyala: m'matope a pansi pa nyanja zomwe zinauma muli mungu wa udzu ndi mitengo, ndipo ku Gobero, ku Niger komweko, ofukula anapeza mafupa a mvuu, ng'ona ndi nsomba zikuluzikulu pamodzi ndi manda a anthu omwe ankakhala m'mphepete mwa nyanja. Nyengo yachinyonthoyi inakhalapo kuyambira zaka pafupifupi 11,000 kufikira zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, ndipo gwero lake linali kusintha kwapang'onopang'ono kwa kapendekekedwe ndi kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, komwe kunawonjezera kutentha kwa chilimwe cha kumpoto n'kukokera mphepo za mvula mkatikati mwa Africa.

Chofunika kwambiri pamatanthwe a Tassili ndi ndondomeko ya zithunzizo, pakuti mibadwo inkajambula pamwamba pa zojambula za mibadwo yapita. Pambuyo pa nyama zam'tchire pakubwera magulu a ng'ombe zoweta ndi abusa awo, kenako akavalo okoka magaleta, ndipo pomaliza, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ngamila, nyama yokhayo yomwe ikanatha kuyenda mtunda wautali m'dziko lomwe tsopano linali litauma. Nkhani yonse ya kuuma kwa Sahara ili pamenepo, yolembedwa ndi anthu omwe ankayenda ndi ziweto zawo kutsata madzi omwe ankachepa m'badwo ndi m'badwo. Zotsalira za dziko lobiriwiralo zikadalipo mwa apo ndi apo, monga ng'ona zochepa zomwe zili m'dziwe la Archei kumapiri a Ennedi ku Chad.

Zojambula za ku Egypt zimapereka umboni wofanana koma wa nthawi yapafupi. Pakhoma la manda a Nebamun, lomwe linapakidwa zaka pafupifupi 1,350 Khristu asanabadwe ndipo zidutswa zake zili ku British Museum ku London, mwini mandayo akusaka mbalame m'dambo la gumbwa lodzaza ndi agulugufe, ndipo pansi pa bwato lake pali nsomba zojambulidwa mosamala kwambiri moti akatswiri amatha kuzindikira mitundu yake, kuphatikizapo ya m'banja limodzi ndi chambo ndi makumba. Madambo a gumbwa otere anachotsedwa kuti pakhale minda, ndipo mvuu, yomwe ili ponseponse m'zojambula za Aigupto akale, inatheratu m'chigawo cha Nile cha dzikolo m'zaka za m'ma 1800.

Zomwe mboni imasankha kunena

Ndi kulakwitsa kwakukulu kuwerenga zojambula zakale ngati kaundula wa nyama zomwe zinalipo, ndipo phanga la Lascaux ku France likuonetsa bwino chifukwa chake. Phangali, lomwe linapezeka mu 1940, lili ndi zithunzi za zaka pafupifupi 17,000, ndipo zochuluka ndi za akavalo am'tchire, kutsatiridwa ndi agwape akuluakulu ndi ng'ombe zam'tchire zotchedwa aurochs, makolo a ng'ombe zoweta, zomwe yomaliza yake inafera ku Poland mu 1627. Koma mafupa omwe ojambulawo anasiya pansi atadya ndi a nyama ina, mtundu wa mphalapala za kumaiko ozizira wotchedwa reindeer, womwe pamakoma onsewo unajambulidwa kamodzi kokha. Anthuwo ankadya nyama ina n'kumajambula ina. Zomera nazo pafupifupi mulibemo, ngakhale kuti nyama zonsezo zinkadalira udzu, ndipo chizolowezi chimenechi chosaona zomera chapitirira m'zaluso za mitundu yambiri kufikira lero. Kumapiri a Drakensberg ku South Africa ndi Lesotho, anthu a mtundu wa San anajambula ntchefu mobwerezabwereza ndiponso mosamala kuposa nyama ina iliyonse, osati chifukwa inali yochuluka kuposa zinzake, koma chifukwa ankakhulupirira kuti ili ndi mphamvu yauzimu yomwe asing'anga awo ankaifuna pochiritsa ndi poitana mvula.

Chitsanzo chapafupi chili m'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, komwe kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe ndi zakale, zimatengedwa kuti ndi za Abatwa kapena kuti Akafula, alenje omwe ankakhala m'derali alimi asanachuluke, ndipo chodabwitsa n'chakuti alenjewo anajambula nyama zochepa, zambiri mwa zojambula zawo zili mizere, madontho ndi zozungulira. Zojambula zoyera, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dongo loyera, ndi za Achewa, ndipo m'menemo ndimo muli nyama zambiri. Zina zili ndi miyendo yotambasuka ngati buluzi, ng'ona kapena bilimankhwe woonedwa kuchokera pamwamba, ndipo ofufuza amazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana komanso miyambo yopempha mvula. Zina ndi za miyendo inayi zoonedwa cham'mbali, zomwe amazilumikiza ndi zilombo za Gule Wamkulu monga Kasiyamaliro, chomwe maonekedwe ake ndi a nyama ya m'gulu la ntchefu.

Apa mlimi ndiye anajambula nyama zambiri kuposa mlenje, ndipo nyama zakezo si za m'khola kapena za m'mbale, koma zophunzitsira za kubereka, imfa, mizimu ndi mvula. Zojambula zotere sizinganene kuti ku Dedza kunali ntchefu zingati, koma zimanena kuti tchire ndi zokhalamo zinali mkati mwa maphunziro omwe mwana ankalandira kuti akhale munthu wamkulu. Lero wofuna kuona ntchefu yamoyo ayenera kupita ku Nyika kapena kunkhalango zina zotetezedwa, pomwe maonekedwe ake akuvinabe pabwalo m'midzi yomwe yazunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi fodya. N'zoyenera kutchulanso kuti m'midzi yambiri ya chigawo chapakati mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, komwe mwambo womwewo umaletsa nkhwangwa, moti chikhulupiriro chomwe chinabala zojambulazo chasunganso timisitu tomwe tikanatha kale.

Nyama yochotsedwa kwawo

Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, zombo zitayamba kubweretsa zamoyo zachilendo kuchokera kumaiko akutali, kunabadwa mtundu wina wa chithunzi. M'mwezi wa Meyi 1515 chipembere cha ku India chinafika padoko la Lisbon ngati mphatso kwa Mfumu Manuel I ya ku Portugal, ndipo chinali choyamba kuoneka chamoyo ku Ulaya chichokereni nthawi ya Aroma. Wojambula Albrecht Dürer wa ku Nuremberg sanachione ndi maso ake, koma anadalira kalata ndi kachithunzi ka munthu wina, n'kujambula chipembere chovala zikopa zolimba zonga malaya achitsulo a msilikali, cha mamba m'miyendo ndi kanyanga kopotoka pamsana, komwe chipembere chenicheni chilibe. Nyamayo inamira m'nyanja kuchiyambi kwa 1516 ikutumizidwa kwa Papa Leo X, koma chithunzicho chinakoperedwa m'mabuku kwa zaka zoposa 200, ndipo mibadwo ingapo ya ku Ulaya inkadziwa chipembere cha Dürer m'malo mwa cha ku India. Cholakwika chachikulu m'chithunzichi si kanyanga kowonjezerako ayi, koma malo opanda kanthu omwe azungulira nyamayo. Chipembere cha ku India chimakhala m'madambo a udzu wautali n'kumagubuduka m'matope, koma pano chaima chokha ngati katundu wa mfumu, chopanda chakudya, madzi kapena chinzake. Dürer yemweyo mu 1503 anali atajambula kachigawo ka thengo wamba, udzu ndi zitsamba zomera mopiringizana, mizu ndi dothi zikuoneka, zomwe zikusonyeza kuti luso loona zamoyo pamalo pake analinalo pomwe chinthucho chinali pafupi naye.

Mbalame ya dodo ya pachilumba cha Mauritius inakumana ndi tsoka loposa pamenepa. Amalinyero a ku Netherlands anafika pachilumbacho mu 1598, ndipo pofika m'ma 1660 mbalameyo, yomwe sinkauluka ndipo inkaikira mazira pansi, inali itatha chifukwa cha kusakidwa komanso nkhumba, makoswe ndi anyani obwera ndi zombo. Zomwe dziko likudziwa za maonekedwe ake zimachokera kwambiri kuzithunzi za Roelant Savery za m'ma 1620, zoonetsa mbalame yonenepa ndi yaulesi, ndipo maonekedwe amenewa anathandiza kufalitsa maganizo oti inatha chifukwa cha kupusa kwake. Chithunzi china cha nthawi yomweyo, chomwe amati n'cha Ustad Mansur, wojambula wa Mfumu Jahangir ya ku India, chikuonetsa mbalame yowonda ndi yochangamuka, ndipo kafukufuku wa mafupa ake akugwirizana kwambiri ndi chimenechi.

Mayi yemwe anajambula masamba odyedwa

Munthu yemwe anabwezera chamoyo pamalo pake m'chithunzi, zaka zoposa 150 dzina la ikoloji lisanayambe, ndi Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647. M'nthawi yake anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa tokha kuchokera m'matope ndi m'zinthu zowola, ndipo osonkhanitsa agulugufe ankawabaya ndi singano n'kuwandandalika m'mabokosi motsata mtundu ndi kukula. Merian ankaweta mbozi kunyumba kwake, kuzidyetsa masamba n'kumadikira kuti aone chomwe chituluke m'chikwa. Mu 1699, ali ndi zaka 52, anakwera chombo ndi mwana wake wamkazi kupita ku Suriname ku South America, komwe anakhala mpaka 1701 pomwe matenda anamubweza, ndipo mu 1705 anasindikiza buku la zithunzi 60 za tizilombo ta dzikolo.

Chatsopano m'bukuli chinali kayalidwe ka tsamba lililonse. Dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe zili pamodzi pachomera chomwe mboziyo imadya, kaya chinangwa, gwafa kapena nthochi, ndipo masamba ake ndi obooka ndi odyedwa m'mbali monga amakhalira kumunda. Ojambula maluwa a ku Netherlands a nthawi imeneyo ankakonda kuika mumphika umodzi maluwa opanda chilema omwe samasula nyengo imodzi, chinthu chomwe sichingachitike m'dimba lililonse, pomwe Merian anaona kuti bowo la patsamba ndilo likunena nkhani, chifukwa likusonyeza kuti moyo wa kachilomboka wamangika pachomerachi osati china. Tsamba lake lina likuonetsa kangaude wamkulu akudya kambalame, ndipo akatswiri ena anamunyoza kuti anapeka, kufikira pomwe katswiri wina, Henry Walter Bates, anadzaona zomwezo ku Brazil m'zaka za m'ma 1800. Pali mbali ya nkhaniyi yomwe siyenera kubisika: Suriname linali dziko la minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo omwe ankamulambulira njira m'nkhalango, kumubweretsera mbozi ndi kumuuza ntchito za zomerazo anali akapolowo ndi eni nthaka a kumeneko. Iye analemba zina mwa zomwe anamuuza, kuphatikizapo zoti amayi ena ankamwa njere za chomera china kuti achotse pakati posafuna kubereka ana odzakhala akapolo, koma mayina a anthu omwe nzeru zawo zili m'bukulo sanawalembe.

John James Audubon, yemwe anasindikiza zithunzi 435 za mbalame za ku North America pakati pa 1827 ndi 1838, anatsata njira yofanana yoika mbalame panthambi ndi chakudya chake, koma kuti azijambule ankaziwombera ndi mfuti n'kuziimika ndi waya. Mwa mbalame zakezo muli njiwa yomwe inkauluka m'magulu ophimba dzuwa, yomwe yomaliza inafera kumalo osungira nyama a ku Cincinnati mu 1914.

Chojambula nachonso chimadya zamoyo

Funso lomwe mbiri ya zaluso inachedwa kufunsa ndi lokhudza zipangizo zomwe chithunzi kapena chosema chinapangidwa nazo. Utoto wofiira kwambiri womwe ojambula a ku Ulaya ankaukonda kuyambira m'zaka za m'ma 1500 unkachokera kukachilombo kotchedwa cochineal, komwe alimi a ku Mexico ankaweta pachomera chaminga, ndipo pankafunika tizilombo pafupifupi 70,000 kuti papezeke ufa wosakwana theka la kilogalamu. Matabwa ambiri omwe ojambula a ku Netherlands ankapakapo utoto anali a mitengo yodulidwa m'nkhalango za kufupi ndi nyanja ya Baltic, ndipo lero akatswiri amawerenga mizere ya kakulidwe ka mtengo m'matabwawo kuti adziwe zaka za chithunzicho.

Kuno kwathu nkhani imeneyi ndi yolemera. Minyanga ya njovu yomwe inkasemedwa ku India, ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1800 inkadutsanso m'dera la nyanja ya Malawi, kudzera ku Nkhotakota ndi m'njira za amalonda zopita ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo malonda ake ankayendera limodzi ndi a akapolo. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, lomwe limayang'anira kugulitsa zamoyo zomwe zili pangozi yakutha. Mitengo yosemera nayo ili pamavuto omwewo. Phingo, mtengo wa mtima wakuda womwe osema a ku Malawi ndi Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania amaukonda, ndiponso womwe opanga zitoliro za mtundu wa clarinet kunja amaufuna, umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime, ndipo mu 2017 unalowa m'gulu la mitengo yomwe malonda ake amafuna chilolezo cha panganolo. Mkungudza wa paphiri la Mulanje, womwe timabokosi take tonunkhira tinkagulitsidwa kwa alendo kwa zaka zambiri, unadulidwa makamaka chifukwa cha matabwa n'kupsereranso ndi moto, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Wosema sayenera kusenzetsedwa mlandu wonse, pakuti iye amadyetsa banja ndi luso lake ndipo mitengo yomwe amagwiritsa ntchito ndi yochepa poyerekeza ndi ya makala ndi matabwa, koma mtengo womwe amafuna ndi wosowa ndi wochedwa kukula, choncho kuchepa kwake kumamupweteka iye poyamba. Ku Kenya, komwe osema a mtundu wa Akamba anaona mitengo yawo yachilengedwe ikutha, kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akhala akulimbikitsidwa kusema nimu, mango ndi jacaranda, mitengo yomera msanga m'minda ya anthu. Vuto latsalira kwa ogula, omwe ambiri amafunabe chosema chakuda ndi cholemera m'manja, moti osema ena amadetsa mtengo woyera ndi polishi wa nsapato kuti uoneke ngati phingo.